Jekete ya Amayi Elube

Pamdadada wa nyumba za lendi umene ndinakulira ku Mgona, khomo lakumapeto linali la Amayi Elube. Ntchito yawo inali yolera ana a eni. Azimayi osankha fodya ku Kanengo, ochapa m'mayadi a ku Area 25 ndi okaoda tomato m'tauni ankadzera pakhomo pawo m'mawa, kumasula mwana kumsana, kumukhazika pamkeka pamodzi ndi kachigubu ka phala, n'kuthamangira minibasi. Madzulo ankabwera kudzatenga. Chikwangwani panalibe. Mayi ankangomva kwa mnzake kuti, "Kamusiyeni kwa a Elube, mwana sakhala ndi thewera lonyowa kumeneko." Munda analibe, geni ina analibe, ndipo wachibale wawo sitinamuonepo. Ankadya chifukwa choti azimayi a ku Mgona ankawakhulupirira, ndipo kupatula pamenepo analibe pena pogwira.

Ine ndi mng'ono wanga Lydia tinakulira pamkeka womwewo, nthawi imene mayi athu ankasoka masaka kufakitale. Amayi Elube sanali munthu wa nyimbo kapena wolankhulalankhula. Mwana akalira ankangomunyamula, kumugoneka pamiyendo, n'kumamusisita kumsana, maso ali pa ena aja. Ankaboola zitsekerero za mabotolo ndi msomali n'kuzitunga pa waya kuti makanda aziseweretsa. Wina akavuta kwambiri ankamuloza ndi supuni n'kunena kuti, "Iwe, ndikubweza kwa amako osakusambitsa." Mawu amenewo mwana aliyense wa mbali yathu ankawadziwa.

Kukayamba kuzizira ankavala jekete yachimuna yofiirira, yaikulu moti mikono ankachita kuipinda. Pachigongono panali chigamba chobiriwira, ndipo thumba lakumanzere linkalendewera chifukwa munkakhala mapini a matewera ndi kansalu kopukutira ana mamina. Ankayendanso mokoka mwendo wakumanja pang'ono. Ukawaona patali akuchokera kumpopi, jekete ndi kayendedwe kaja, sunkafunsa kuti akubwerawo ndani.

Duku sankavula pagulu. Nditamaliza Fomu 4 ndinayamba kuluka anthu tsitsi pakhonde pathu, ndipo tsiku lina anandiitanira m'nyumba kuti ndiwamete ndi sizasi. Atamasula duku ndinaona chipsera chachitali, chochokera pamwamba pa khutu mpaka kunkhongo, chosamera tsitsi. Ndinameta mochizungulira. Nditamaliza anamanganso duku n'kundiyang'ana.

"Iwe Olipa ndiwe wabwino," anatero. "Pakamwa pako m'polemera."

Lydia pakamwa pake sipanali polemera. Anali Fomu 3 pasekondale yoyendera, ndipo anali m'kalabu ya ufulu wachibadwidwe imene ankaiyang'anira aphunzitsi ena, a Gwanda. Kalabuyo sinali yongovala masikipa ayi. Chaka chapitacho anawo anavutika mpaka mnzawo amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba anabwereranso m'kalasi, ndipo Lydia ankati akamafotokoza nkhaniyo maso ake ankachita kuwala. Ine ndinkamusirira. Zimene ine ndimangoziona n'kuzimeza, iye ankazinena pamaso pa aliyense.

Chaka chimenecho kalabu inasankha kulimbana ndi nkhanza zochitira okalamba, makamaka owanamizira ufiti. A Gwanda anauza ana kuti apite akacheze ndi anthu achikulire m'makomo mwawo, amve zimene akumana nazo. Lydia sanapite patali. Akaweruka ankakhala pamkeka wa Amayi Elube n'kumawathandiza kumwetsa ana phala. Tsiku lina ankawafotokozera za gogo wina amene anamva pawailesi kuti anthu a m'mudzi mwake anamugenda mpaka kufa. Ine ndinali pakhonde pathu, ndikupesa mesh, ndipo ndinaona supuni ya Amayi Elube itaima m'malere.

"Ameneyo bola anafa," anatero. "Wotsala ndi amene amavutika."

Lydia anafunsa, n'kufunsanso, mpaka nkhani inatuluka. Anailankhula motsitsa, osasiya kudyetsa mwana.

"Kwathu ku Ntcheu ndinali ndi nyumba yanjerwa zowotcha. Bambo atamwalira ndinkakhala ndi mdzukulu, mwana wa mwana wanga wamwamuna. Anadandaula mutu, khosi linauma, tisanapeze n'komwe galimoto anatisiya. Anafera pamiyendo pangapa. Pochokera kumanda, anyamata sanapite kusiwa. Anabwera kwa ine. Khasu linandipeza m'mutu, mwendo anauponda, nyumba anaiyatsa dzuwa likuswa mtengo. Jeketeyi ndi ya malemu bambo. Ndinaivala chifukwa kumaliro kunkazizira, ndipo ndi yokhayi imene ndinatuluka nayo."

"Nanga mwana wanuyo anali kuti, agogo?"

"Anali pomwepo."

"Sanawaletse?"

"Anangoima. Machesi sanagwire, zimenezo ndisamunamizire. Koma anangoima."

Lydia analira mpaka makanda anayamba kumuyang'ana. Atapukuta misozi anapempha kuti kalabu ipange sewero la nkhaniyo. Analonjeza kuti dzina asintha, boma asintha, palibe adzadziwe. Amayi Elube anapukuta mwana uja pakamwa.

"Ngati dzina langa mulibe, chitani," anatero. "Ena amve."

Ndipo anasinthadi. Gogo wa m'sewero anamutcha Nasibeko wa ku Mchinji, ndipo a Gwanda sanauzidwe kuti mwini nkhani ndani. Koma ana asukulu zovala za sewero sagula. Amabwereka m'makomo. Wosewera wapolisi amatenga nsapato za amalume ake aulonda, wosewera mfumu amatenga chipewa cha agogo ake. Loweruka la sewerolo mnzawo amene analonjeza chikhoti cha gogo sanabwere nacho, ndipo Lydia, yemwe ndiye ankasewera gogoyo, anathamangira khomo lakumapeto.

"Agogo, ndibwerekeniko jekete, ndibweza pompano!"

Amayi Elube anali pakalikiliki ndi mwana amene anawasanzira pachifuwa. Anavula osayang'ana n'komwe.

"Mapini angawo usataye," anatero, n'kubwerera kwa mwana.

Sewero linachitikira pabwalo la pafupi ndi msika. Anthu anadzaza, ogulitsa makala, akabaza, azimayi a mabeseni pamutu. Amayi Elube sanapite, anali ndi ana. Ine ndinaima kumbuyo. Lydia anatulukira atapaka phulusa kumaso, duku kumutu, jekete yofiirira mikono yopinda, akukoka mwendo wakumanja. Sanachite dala. Gogo amene anamuonapo pafupi moyo wake wonse anali mmodzi yekhayo, ndipo thupi lake linangomutsanzira.

"A Elube awo!" anakuwa wakabaza wina, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Mwasiyira ndani ana, mayi?"

"Ndi iwowo, taonani chigamba!"

Mwana akamva anthu akuseka amawonjezera. Lydia anapisa m'thumba, natulutsa kansalu kaja, nakapukutira mphuno ya mnyamata wosewera mdzukulu, kenako anamuloza ndi chala n'kunena kuti amubweza kwa amake osamusambitsa. Azimayi anaombera m'manja, ena mpaka misozi ya chiseko. Dzina la Nasibeko palibe analimva.

Kenako mdzukulu wa m'sewero uja anadwala mutu n'kufera pamiyendo pa gogoyo. Chiseko chinatha. Anyamata anabwera ndi mipini, anamutchula gogo uja dzina loipa lija, anayatsa katoni imene inkaimira nyumba. Ine sindinkaonereranso sewero. Ndinkayang'ana nkhope za azimayi. Amene anaima patsogolo panga anatsina mnzake.

"Iii, ndiye kuti mwana anafera m'manja mwawo?"

"N'chifukwa chake alibe abale. Ndinkadabwa ine."

Sewero linatha bwino, monga amathera masewero a kusukulu. Apolisi anafika, mudzi unapepesa, gogo anamumangiranso nyumba. Ana onse anaima pamzere n'kufuula kuti ukalamba si ufiti, ndipo anthu anabwereza mokweza. A Gwanda analankhula mawu abwino kwambiri. Madzulo Lydia anabweza jekete akuvina ndi chimwemwe, ndipo Amayi Elube anangoinunkhiza n'kunena kuti yadzaza thukuta la mwana.

Lolemba pamkeka panali mipata. Mayi wina anati mlamu wake wabwera kuchokera kumudzi, ndiye azimusiyira mwana. Wina anati amupatsa tchuthi. Wina sananene kanthu, anangoyamba kudzera njira yakuseri. Palibe anawatukwana Amayi Elube, palibe anaponya mwala. M'malo mwake moni anachuluka. Kumpopi azimayi ankachotsa zigubu zawo pamzere n'kumati, "Tungani kaye inu, mayi," zimene kale sizinkachitika. Choseweretsa chimodzi cha zitsekerero ndinachiona chitatayidwa mungalande.

Munthu woluka tsitsi amamva zambiri, chifukwa womuluka samuona nkhope.

"Ife sitikunena kuti ndi mfiti ayi," anatero mayi wina ndili pamutu pake. "Mwina anawanamiziradi. Koma mwana ndi mwana, sisi. Zikachitika udzati chiyani kwa bambo ake?"

"Ndi amene anatilera ife," ndinatero. "Ndi ana anu omwe akulu aja."

"Eya, Mulungu anatiteteza. Koka pang'ono apo, usandipweteke."

Sabata isanathe, Amayi Elube anandiitana. Anali atakhala pamkeka ndi ana ochepa amene anatsala.

"Olipa, sewero lija linayenda bwanji? Undiuze iweyo, ena akungondisekerera."

"Anakuzindikirani, agogo."

"Dzina anatchula?"

"Ayi. Jekete."

Anayang'ana mkono wa jeketeyo, nasisita chigamba chija ndi chala chachikulu.

"Ndinavula ndekha," anatero.

Lydia atamva zimene zinkachitika sanadye. Kutacha anakaulula zonse kukalabu, ndipo anawo anagwirizana kuti sangangokhala. Anachita zimene ankadziwa kuchita. Lachitatu masana, tsiku la makalabu, anabwera ali m'yunifolomu, akuimba m'tinjira ta pakati pa nyumba, chigulu cha ana aang'ono chikuwatsatira. A Gwanda anali pambuyo, akuoneka kuti nkhaniyo yawapitirira. Anawo ananyamula zikwangwani za makatoni, ndipo chachikulu chinali ndi zilembo zofiira: AGOGO ELUBE SI MFITI. Amene sanaonere sewero kumsika tsopano anatuluka m'nyumba n'kuwerenga dzinalo ndi liwu limenelo pakatoni imodzi.

Amayi Elube anatuluka atabereka Esau, kamnyamata ka zaka ziwiri. Anadikira mpaka nyimbo itatha.

"Walemba dzina langa ndani?"

Mnyamata wina wamtali anakweza dzanja monyadira.

"Umalemba bwino, mwana wanga. Tsopano tembenuza katoniyo, iyang'ane pansi."

Mnyamatayo anayang'ana aphunzitsi ake, kenako anaitembenuza. A Gwanda anabwera kutsogolo, manja atawagwira kumbuyo.

"Mayi, pepani kwambiri. Anawa abwera ndi mtima wabwino. Ngati pali wina akukuopsezani, tiuzeni, tikanena kupolisi. Malamulo ali mbali yanu."

"Zikomo aphunzitsi. Koma mukanena kuti wandilakwira ndani? Palibe wandimenya. Akungondipatsa moni." Anakonza nsalu imene anaberekera mwana. "Inu mukachoka pano mupita kwanu. Ine ndigona pompano. Atengeni anawa, akadye."

Anabwerera opanda nyimbo, makatoni atawapanira kukhwapa. Lydia anatsala ataima pakati pa bwalo mpaka mayi athu anamukokera m'nyumba.

Kuchokera tsiku limenelo pamkeka panatsala Esau yekha. Mayi ake, Agatha, ankasankha fodya ku Kanengo, ndipo anali munthu wosaopa pakamwa pa anthu. Ankabwera naye m'mawa uliwonse kudzera njira yapakati, n'kumalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Esau anayamba kuyenda m'manja mwa mayi awa. Mano onsewa anamerera pano. Akanafuna kumudya akanadikira kuti anenepe chonchi?"

Amayi Elube ankaseka pang'ono. Masiku amenewo mwana mmodziyo ankamusamala ngati ndi khumi. Ankamusambitsa ngakhale asanade, ankamuphikira mbatata, ndipo akagona ankakhala pambali n'kumaingitsa ntchentche. Esau ankawatcha Gogo, ndipo dzanja lake silinkachoka m'thumba la jekete lija.

Ndiye anadwala malungo. Amayi Elube ndi amene anayamba kuona kuti thupi latentha, ndipo anandituma kuti ndikaimbire mayi ake foni msanga. Kuchipatala anamupatsa mankhwala, n'kuchira bwinobwino, monga amachirira ana ambiri. Koma atangochira, bambo ake, a Jeremiah, amene amayendetsa kabaza, anabwera okha. Anagwada pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, musatiganizire molakwika. Ine ndilibe nanu chifukwa. Koma pasiteji anzanga sakundipatsa mpata, ndipo akwathu kumudzi amva. Akuti mwana akadzadwalanso ndisadzawaitane."

"Ndamva, bambo."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa kapu ya Esau, kachipewa kake ndi kansalu kamene ankagonera.

"Phala lake lizikhala lozizirirako, amafulumira kumeza. Masana akagona muzimuchotsa nsapato. Akayamba kukoka khutu ndiye kuti ali ndi tulo, si matenda."

A Jeremiah analandira zinthuzo osadzutsa mutu.

Esau anayamba kusiyidwa kwa mtsikana wina wa mdadada wakuseri. Koma njira ankaidziwa. Mtsikanayo akangotembenuka, iye ankathawa n'kubwera ali wefuwefu mpaka khomo lakumapeto. Amayi Elube akamuona akubwera ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, kuti wina asadzanene kuti anamuona m'manja mwawo. Mwanayo ankamenya chitseko ndi chikhatho.

"Gogo, tsegula! Gogo, ndine!"

M'katimo munkangoti zii. Ine ndinkasiya mutu wa munthu uli pakati, kukamunyamula akuphiriphitha, n'kumubweza. Tsiku lina pomunyamula ndinaona pansi pa chitseko mthunzi wa mapazi awo. Anali ataima pomwepo, kuseri kwa thabwa.

Mbaula yawo inayamba kukhala yosayaka. Mayi athu ankandituma ndi mbale ya chakudya, ndipo ankalandira, koma ndinkaona kuti zikuwapweteka. Eni nyumba sanawathamangitse. Anasankha okha kuchoka. Anandiuza kuti mayi wina amene ankapemphera naye kale wawapezera kachipinda ku Chinsapo.

"Kumeneko mukapeza ana olera?" ndinafunsa.

"Ana ali paliponse. Chosowa ndi malo amene sanamve."

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Lydia anapita kukagwada pakhomo pawo. Kuyambira tsiku la makatoni anali asanapitekonso kukalabu, ndipo ankazemba kukumana ndi mayiwo. Amayi Elube anamugwira pamutu.

"Akuti unasewera bwino, mpaka anthu analira. Kukalabuko bwerera. Tsiku lija kwathu, kukanakhala ana apakamwa ngati iwe, mwina wina akanakuwa." Anamudzutsa n'kumusasa fumbi m'mawondo. "Koma zovala muzisoka zanu."

Katundu anali wochepa: mkeka, mbaula, ndowa yodzaza mapoto ndi chikwama cha zovala. Kunali mphepo yozizira ya mu Julaye, yonyamula fumbi. Nditasenza ndowa ndinaona jekete ili pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Agogo, mwaiwala jekete."

"Sindinaiwale. A ku Mgona amafikanso ku Chinsapo. Mwendowu sindingausiye, koma iyo ndingathe."

Anabwerera n'kupisa m'thumba, natulutsa mapini aja, nawabaya m'mphepete mwa nsalu yawo limodzilimodzi. Kenako anagwira kolala ya jeketeyo n'kuiwongola bwinobwino, ngati mwini wake waima pomwepo akupita kutchalitchi. Anatuluka atangofunda chitenje.

Tinayenda mpaka kumsewu waukulu. Amene tinakumana nawo anapereka moni mwaulemu, ndipo palibe anafunsa kuti akupita kuti. Agatha yekha anali atatidikira pasiteji, atachedwa dala kuntchito. Anawapatsa kathumba ka mtedza n'kuthawira minibasi ya ku Kanengo. Kondakitala atakweza katundu, Amayi Elube anandigwira dzanja. Manja awo anali ozizira.

"Usabwere kudzandiona, mwana wanga. Ukabwera, ubwera ndi Mgona."

Ndinawamvera. Sindinapite, ndipo sindikudziwa ngati azimayi a ku Chinsapo anayamba kuwasiyira ana. M'nyumba muja munalowa banja lina, ndipo jekete ndinaitenga anthuwo asanaipange chopondera. Ili pansi pa sutikesi yanga. Lydia anabwereradi kukalabu, ndipo pano ndi amene amaitsogolera, koma pa sewero sanaimenso, ndipo ndikatsegula sutikesiyo amatuluka panja.

Esau anapitiriza kumenya chitseko chija kwa kanthawi, mpaka mayi wa m'nyumbamo anamukalipira. Tsopano wayamba sukulu ya mkaka. M'mawa amadutsa pakhomo lakumapeto atanyamula kachikwama kumsana, osatembenuka n'komwe.